Mapilitsi a M'chitini cha Mabatani

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mtima wa ambuya, agogo anga aakazi, unayamba kufooka. Makolo anga anali atamwalira kale, ndipo tinkakhala awiriwiri m'chipinda cha lendi ku Kanyama.

Kukiliniki anawapatsa mapilitsi a mitundu itatu. Ndinkawadziwa onse, poti ndine ndinkawawerengera zolembedwa pa timapaketi. Ena anali omasula mitsempha kuti magazi aziyenda mosavuta, ena ochepetsa liwiro la mtima. Kachitatu kanali kakang'ono, koyera, kochotsa madzi m'thupi. Akamwa kameneka, m'mawa wonse unkathera kuchimbudzi.

Chimbudzicho chinali cha mabanja asanu ndi awiri, ndipo kiyi ankasunga mayi mwini nyumba. Nyengo ya mvula pabwalo pankadzaza madzi onunkha, tinkayenda podumpha pa njerwa. Tsiku lina ambuya atagogoda kachinayi kupempha kiyi, mayiwo anaseka pamaso pa azimayi ochapa.

"Ambuya, nafuti? Tengani chabe mpando munkhale kwamene kuja."

Ambuya analandira kiyi ndi manja awiri.

Patapita masiku, ndikufuna singano, ndinapeza timapilitsi toyera m'chitini cha mabatani. Ndinatseka chitinicho. Ndinaona patapata akusiya mizere pa mapazi awo otupa. Ndinamva akupuma ngati munthu wokwera phiri, chonsecho ali chikhalire pampando.

Titabwerera kukiliniki, anesi anadina mwendo wawo ndi chala, pakhungu panatsala kadzenje. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe mwana, ambuya bako bakumwa mankhwala yonse?"

Ambuya anandiyang'ana. Sanandiopseze, anangondipempha ndi maso. Ndinavomera ndi mutu. Anesi anaganiza kuti mankhwala achepa, anawonjezera mlingo wa kapilitsi koyera kaja. Zowonjezerazo nazo zinalowa m'chitini.

Mvula isanathe, madzi anafika m'mapapo. Anansi anawanyamula pa wilibala kudutsa m'matope mpaka pamsewu wopita kuchipatala, ine ndikutsatira ndi chitenje chawo. Ambuya sanabwerenso.

Lero ndikudziwa kuti mtima ukafooka, madzi amadikha m'thupi, ndipo kapilitsi kaja ndiko kankathandiza impso kuwatulutsa. Ndikudziwanso kuti ndikanangoti "iyayi", anesi akanafunsa chifukwa, mwina n'kupeza njira, ngakhale ya kandowa kuseri kwa chitseko. Ine ndinkayesa kuti ndikusunga ulemu wawo.

Chitini chija ndikadali nacho. Mabatani onse ndinasokera, anatha. Mapilitsi akadali pansi, asanduka achikasu.