Mtsikana wa Kumanzere kwa Nsanja

Bambo amene munda wawo wachita malire ndi wathu ku Zemba amakonda nyimbo za roko, koma zakale zokha, zija za gitala yolira mosasa ngati ili ndi chimfine. Ali mnyamata ankaimba gitala m'gulu lina ku Kitwe. Za migodi zitavuta, iwo anabwerera kumudzi kudzalima, anzawo anatsala. Gululo likuimbabe mpaka lero, koma ukalitchula amati, "Aja anafa kalekale. Latsala ndi dzina."

Chisanu cha chaka chino, tikuswa mtedza pakhonde pawo, ndinawaonetsa pafoni gululo likuimba ku Ulaya. Mtsogoleri wake, mnzawo wakale, anali atavala jekete lonyezimira, imvi zili mbuu.

"Taona Wadson," anatero. "Munthu amene ndinamuphunzitsa kumanga nsambo. Akuimba ngati wa kwaya. Ng'oma zafewa, gitala aichapa ndi sopo."

Ndinafuna kuzimitsa, koma anandigwira dzanja. Maso awo anali kumanzere kwa nsanja, pa mtsikana woimba gitala, wa msinkhu wa mdzukulu wawo.

"Akulakwitsa, bambo?" ndinafunsa.

Anaonerera mpaka nyimbo inatha. Mtedza anali atauiwala m'lichero.

"Sakulakwitsa," anatero. "Ndiye vuto lake. Mbali akuimbayo ndinapeka ndine, ndili ndi njala, ndipo sindinaiimbepo bwino chonchi."

Anakokera lichero pafupi.

"Zimitsa, mwanawe, batire lingakuthere."