Mlandu wa a Baltazar ku Sinodi

A Ambrósio a kufupi ndi Kalomwe anali katekista wa mpingo wa Angilikani, ndipo mpingo wawowo unali waung'ono mwakuti munthu mmodzi akagwidwa ndi chimfine, theka la akhristu linali litagona. Anthu ambiri a ku Angónia ankapemphera kwa apadiri a Katolika a ku Fonte Boa. A Angilikaniwo anali mabanja ochepa amene amuna awo anakagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, n'kubwerako ndi mabulangete, chifuwa ndi chipembedzo chimenechi. Tchalitchi chawo chinali chaudzu, chopendekera kum'mawa ngati chikufuna kuthawira ku Dedza, ndipo wansembe ankafika kamodzi pachaka, nkhondo ya Apwitikizi ndi omenyera ufulu ikalola.

A Ambrósio eni akewo anali aatali, owonda mwakuti m'nyengo yozizira akazi awo ankawaikira mbatatesi m'matumba a kazako, jekete lawo, kuti mphepo isawanyamule. Koma chimene ankatchuka nacho ndi kulankhula. Pabwalo lakwathu nkhani imayambira ku mizu, ndipo a Ambrósio mizuyo ankaikumba mpaka kufika pa madzi. Munthu akabwera ndi mlandu wa nkhuku, iwo ankayambira kwa agogo ake a nkhukuyo, ndipo pofika kumapeto nkhuku ija inali itaikira, kufungatira ndi kuswa anapiye. Anthu ankawakondera zomwezo, chifukwa palibe ankachoka pabwalo akunena kuti sanamumve.

Kwawo anabadwa amuna atatu: a Baltazar oyamba, Faustino wachiwiri, iwo omaliza. Faustino anafa pamsewu wa ku Tete, lole imene anakwera itaponda bomba lokwirira. Anasiya mkazi, Rufina, ndi ana ang'onoang'ono. Tsono awa ndi Angoni: ng'ombe za malowolo zinapita kalekale, ana ndi a kuchimuna, ndipo mkazi akabwerera kwawo amabwerera chimanjamanja. Akuluakulu atakhala pansi anati wina alowe chokolo kuti mayi asasiyane ndi ana ake. A Ambrósio, popeza anamanga ukwati wa m'tchalitchi, anakana ndi manja, miyendo ndi makutu omwe. A Baltazar ndiwo anavomera, ndipo akazi awo, a Bernardina, anatenga okha khasu n'kulambula malo a nyumba ya mnzawoyo.

Vuto linali lakuti a Baltazar anali asanabatizidwe. Kalasi anali atamaliza, kamtanda ka ophunzira kali m'khosi, akungodikira wansembe. Wansembe atafika anapukusa mutu: mwamuna wa akazi awiri sabatizidwa pokhapokha atachotsa mmodzi. A Baltazar anati kuchotsa Rufina ndiye kupha Faustino kachiwiri. Anapitiriza kubwera Lamulungu lililonse, kukhala kumbuyo, kutuluka nthawi ya mgonero isanakwane, n'kumatsokomola panja. Chifuwa cha kumigodi chija chinakula, ndipo chaka chinacho anayamba kulavula magazi. A Ambrósio ankamva kutsokomolako ali pakati pa pemphero, mawu n'kuwathawa mkamwa.

Ndiye kunabwera uthenga wakuti ku Lourenço Marques kukhala sinodi, msonkhano waukulu wa mpingo m'dziko lonse, ndipo nkhani ya mitala ikambidwa. A Ambrósio anagwada kwa ashefi a posito, mkulu wa boma la Apwitikizi m'deralo, mpaka mawondo kuphuka mizu kuti awapatse giya, kalata yoyendera. Anakwera lole ya m'gulu loperekezedwa ndi asilikali, anadutsa pomwe panafera Faustino atatsinzina, anakwera komboyo, sitima yapamtunda, mpaka ku Beira, kenako sitima yapamadzi, m'mene anasanza zonse zimene anadya chibadwire, ndi bere la amayi awo lomwe. Pochoka, a Baltazar anali atawagwira dzanja n'kunena kuti akawauze akuluakuluwo zonse, asasiye kanthu.

Kusinodi kunali abisipu pampando, ansembe atavala mikanjo, anthu akumwera olankhula Chishangana ndi akunyanja ya Niassa olankhula Chinyanja chonga chathu koma chopindika. Zonse zinkayenda m'Chipwitikizi. Anakangana za chilankhulo cha buku la mapemphero, anakangana ngati ng'oma ingalowe m'tchalitchi, mpaka a Ambrósio anayamba kuopa kuti akulu awo afa ng'omayo isanalowe.

Itafika nkhani ya mitala, wansembe wina wokalamba anati khomo limeneli likangotseguka, anyamata obatizidwa adzathamangira kukatenga achiwiri, ndipo olira adzakhala akazi oyamba. Mayi wina wa bungwe la amayi anaimirira n'kunena kuti iye ndi mmodzi wa olirawo, ndipo palibe anamufunsapo. Mphunzitsi wina wachinyamata anayankha kuti mpingo ukauza munthu kuti achotse mkazi, uuzenso mkaziyo kumene akagone. A Ambrósio anamvetsera, ndipo anaona kuti onsewo akunena zoona, koma palibe ankadziwa za Rufina.

Womasulira wawo, wansembe wa ku Niassa, anawanong'oneza kuti kuno aliyense amalankhula mwachidule, ndipo kabelu kali patebulopo kakalira, munthu amakhala pansi. A Ambrósio anavomera. Mumtima anati belu ndi la anthu obwebweta. Munthu wonyamula maliro ndi ana amasiye sangamudule pakamwa.

Anaimirira. Anapereka moni kwa abisipu, kwa ansembe mmodzimmodzi, kwa amayi, n'kupereka moni wochokera kwa akhristu akwawo. Kenako anayamba nkhani poyambira pake. Ungatchule bwanji chokolo kwa alendo osawauza za ng'ombe? Ndipo ng'ombe za malowolo a Rufina sizinagwe kumwamba, zinachokera ku malowolo a mlongo wawo, amene anakwatiwa chaka cha dzombe. Anali akufotokoza za ng'ombe yamawanga imene inathyoka mwendo panjira pamene kabelu kanalira. Anapitiriza. Kanaliranso, ndipo womasulira anawakoka kazako.

"Abisipu," anatero a Ambrósio, "koma Faustino sanafebe."

Womasulira atatembenuza, anthu anaseka, osati mwachipongwe, koma anaseka. Abisipu anati pepani, odikira kulankhula ndi ambiri. Madzulo a tsikulo anthu anaimika manja, ndipo ambiri anagwirizana kuti nkhaniyi ndi yaikulu, iperekedwe ku kagulu ka anthu kakafunse mipingo ya m'mayiko ena, yankho lidzabwere ku sinodi ina patapita zaka.

A Ambrósio anawatsekera njira abisipu pabwalo la tchalitchi, atagwira womasulira pamkono ngati wakuba. Apo nkhani yonse inatuluka mu mpweya umodzi: mkulu wanga akufa, akufuna ubatizo, akachotsa mkazi ana atsala opanda mayi. Anadabwa okha kuti inali yaifupi chotero. Abisipu anamvetsera mpaka maso kufiira, koma anati chimene sinodi yamanga, munthu mmodzi samasula, ngakhale iwowo.

A Ambrósio atafika kumudzi anapeza a Baltazar atagona pamphasa padzuwa, atatha mwakuti mphasayo inkaoneka yonenepa kuposa iwo.

"Anena chiyani akuluakulu?"

"Akuti mudikire, akulu."

"Mpaka liti?"

"Sinodi ina."

"Unawauza zonse?"

"Ndinafika pa ng'ombe yamawanga ija."

A Baltazar anaseka mpaka kusekako kunasanduka chifuwa. Atapuma anati, "Chabwino. Uza chifuwachi kuti chidikire, mwina iwe chikumvera."

Rufina anamva zonsezo ali kuseri kwa nkhokwe akusola chimanga. M'mawa mwake anasambitsa ana, anawapereka kwa a Bernardina, anamanga kamtolo n'kulowa njira ya kwawo osatsanzika. A Bernardina anawapeza a Ambrósio kumunda wa mbatatesi ndipo sanagwade n'komwe.

"Alamu, chokolo munakana inu kuti manja anu ayere. Kusinodi mwapita inu, mwakaweta ng'ombe. Lero mnzanga wapita kuti amuna athu alowe kumwamba. Ana awa mukawayamwitsa ndinu?"

A Ambrósio anapalasa njinga mwakuti fumbi lake linakagwa kutawuni ya Vila Coutinho mawa lake. Anamupeza Rufina pamtsetse, akuyenda osatembenuka. Iye anati amusiye, munthu wodwalayo wamusunga mokwanira, ana adzawaona pamaliro. A Ambrósio, amene chibadwire anali asanasowepo mawu, anangomulanda kamtolo n'kukamangirira kumbuyo kwa njinga, n'kuyamba kukankha kubwerera kumudzi. Rufina anaima kanthawi, kenako anatsatira katundu wake akulira.

A Baltazar atamva, anati madzi ogula ndi mayi wa ana amasiye iwo sawafuna, bola afe ouma. A Ambrósio ankadziwa kuti munthu akakhala pafupi kufa katekista amaloledwa kubatiza, koma wansembe anali atawalamula kuti wamitala ayambe walonjeza kuchotsa mkazi. Komabe a Ambrósio anatuma a Bernardina kukatunga madzi m'beseni. Akazi awiriwo anadzutsa mwamuna wawo, wina mbali iyi wina mbali iyo, ndipo a Ambrósio anathira madzi m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, osafunsa lonjezo lililonse. Theka la madziwo linabatiza mphasa.

A Baltazar anamwalira mbatatesi zisanakumbidwe. Wansembe atabwera, a Ambrósio anamuuza okha zimene anachita. Iye anati ubatizowo ndi ubatizo, palibe angaufafanize, koma ukatekista ayambe ausiya mpaka kagulu kaja kadzayankhe. Apwitikizi anapakira katundu, mbendera inasintha, kagulu kakufunsabe.

Akuluakulu atakhalanso pansi kuti aone za Rufina, maso onse anagwera a Ambrósio kuti alowe chokolo, ndipo iwo anayamba kuyeza mtunda wothawira ku Dedza. Koma a Bernardina anati iwo ndi Rufina akhala pamodzi pamudzi pomwepo, amuna awakwana. Rufina analera ana ake mpaka onse anakula.