Mphaka wa Apongozi Anandilanda Nyimbo

Inu owerenga, ine ndinataya chala chachikulu cha dzanja lamanja chifukwa cha manyazi. Mphaka anangoluma, koma wopalamula weniweni ndinali ine.

Zinali m'zaka za Chitaganya, anzanga akukwera malole kupita ku Walale kukafuna ntchito. Ine ndinatsala, chifukwa ndinali nditangokwatira Tikambenji kwa Kalindawalo, ndipo ndinkakhala chikamwini kwawo. Njinga ndinalibe, jekete ndinalibe. Chuma changa chinali kalimba. Ndinkaimba popita kumunda ndi pobwera, mpaka kupitirira njira ya kwathu osazindikira. Tikambenji ankandiseka kuti anakwatiwa ndi munthu wolota akuyenda.

Apongozi anga aakazi ndinkawapewa monga mwa mwambo. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, ndipo tinali tisanayang'ananepo kumaso. Anali amasiye, ndipo ankasunga mphaka wakuda, chona mwa kutchula kwawo, wolondera nkhokwe ya mtedza. Pamudzi panali manong'onong'o akuti mphaka wotero sasungidwira makoswe okha. Linali bodza, koma linkawapweteka mtima.

Tsiku lina m'mawa ndikukonza denga la nkhokweyo, ndinapisa dzanja m'kati uku ndikung'ung'udza nyimbo, osadziwa kuti mphaka waswera ana momwemo. Anandiluma pachala. Timabowo tiwiri tokha ngati ta minga, magazi osatuluka n'komwe. Sindinatsuke. Ndinapakapo phulusa n'kumanga kansanza. Ndinaganiza kuti ndikangonena, mudzi wonse udzati mkamwini wanamizira apongozi ake ufiti. Tikambenji atafunsa, ndinati ndi munga wa mthethe.

Kutacha, chala chinali chitatupa ngati mbatata, chikugunda ngati chili ndi mtima wakewake. Tsiku lachitatu mzere wofiira unakwera mkono, m'khwapa munatuluka mwanabere, thupi n'kutentha. Masana ndinkagona pansi pa mango, osadziwa ngati ndili maso kapena ayi. Ndinkaona minda ya thonje ikuyandama pang'onopang'ono kulowera ku Luangwa, malole a ku Walale akudutsa m'mwamba opanda phokoso, ndipo patali kalimba kankalira kokha nyimbo yokoma imene ndinali ndisanaimvepo. Kunena zoona, malotowo ankandikomera moti ndinaiwala kuti dzanja likuwola.

Tsiku lachisanu ndinamva mawu pafupi, n'kumayesa ndi maloto omwewo. Anali apongozi, atagwada pambali panga, akundiyang'ana kumaso koyamba chikwatirire mwana wawo. Kansanza kaja anakamasula okha.

"Atata, aya ni mano a chona wanga," anatero. "Mwabisila chani?"

Ndinayankha nditawerama kuti ndinkaopa kuti anthu angawanene.

"Anthu aninena zaka zambili, sininafe. Imwe mufuna mwana wanga akhale wamasiye monga ine?"

Ndinalira ngati mwana. Iwo anabwereka njinga, ndipo alamu anga anandikankha mpaka kuchipatala cha mishoni. Adokotala anati mano a mphaka ndi osongoka, amalowetsa tizilombo ta m'kamwa mwake mpaka pafupa, khungu n'kutseka pamwamba, matenda n'kumadya m'kati. Ndikanatsuka ndi sopo n'kubwera tsiku lomwelo, jakisoni akanakwana. Mkono anaupulumutsa, koma chala anadula.

Palibe munthu amene anawanena apongozi. Ndinawateteza ku mlandu umene unali m'mutu mwanga mokha, ndipo mphakayo anakalamba bwinobwino akugwira makoswe ake.

Inu owerenga, mphaka akakulumani kapena kukukandani, musanyengedwe ndi kuchepa kwa bala. Tsukani msanga ndi sopo ndi madzi ambiri, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo nenani mosabisa chimene chakulumani, ngakhale akhale mphaka wa apongozi. Manyazi amatha, koma chala sichiphukanso.

Kalimba kamafuna zala zazikulu ziwiri, china chifunse, china chiyankhe. Nyimbo ija ya pansi pa mango ndimaikumbukirabe yonse. Ndikatenga kalimba lero, chala chamanzere chimafunsa, n'kudikira, ndipo palibe choyankha.