Christine apita ku Ntcheu yekha

Ku Chipadze, kumpoto kwa Harare, palibe amene samudziwa Christine, mphunzitsi wa giredi 3 amene amayenda ngati wasiya mphika pamoto. Lamlungu ndiye amatsogolera nyimbo kutchalitchi chawo cha Pentekoste, ndipo akakweza mawu, ngakhale omwa mowa ku bala amatsitsa wailesi.

Anabadwira m'komboni ya mgodi ku Shamva. Bambo ake, a Jimu, anachoka ku Malawi asanamere ndevu, nakumba golide pansi mpaka chifuwa chinawakana. Chichewa Christine amachimva bwinobwino, koma akayamba kuchiyankhula amakamalizira m'Chishona.

A Jimu anali munthu wa gule wamkulu, ndipo apa ndi pomwe ankasiyana ndi mwana wawo. Kusukulu anzake ankamuseka kuti ndi mwana wa zilombo, iye n'kumabwera kunyumba akulira. Atakula n'kutembenuka mtima, manyazi aja anasanduka ukali. Madala akangoyamba kuti, “Kwathu ku Ntcheu,” iye ankadziwiratu kuti nkhaniyo ikathera ku ng'oma, ndiye ankawadula.

“Zvakwana, Baba. Tidzapita chaka chamawa, mukandionetse nokha.”

Chaka chamawacho chinakhala chikusuntha mpaka a Jimu anamwalira. Amayi ake anali atatsogola kale, choncho maliro anayendetsa ndi Christine. Tsiku loika, anzawo a malemu anabwera ndi ng'oma kudzaperekeza mnzawo monga mwa mwambo wawo. Christine anaima pageti, amayi akutchalitchi ali kumbuyo kwake, nawabweza onse. Tsiku limenelo anadziona ngati wapambana nkhondo.

Koma mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Nyumba itazizira, anayamba kusowa ngakhale nkhani zomwe ankazidula zija. Anatenga pasipoti, nasankha tchuthi cha Ogasiti kuti apite ku Malawi yekha, ulendo wake woyamba kudumpha malire.

Kukonzekera kwake kunali kwa chimphunzitsi ndithu. Akaweruka ankakhala pafoni kuona zithunzi: phiri la Mulanje, minda ya tiyi ku Thyolo, zojambula zakale pamiyala ku Chongoni. Ankadziwa kuti basi yochokera ku Harare imadutsa pa Nyamapanda, n'kuwoloka Zambezi ku Tete, ndipo anafunsiratu mbali yabwino yokhala kuti mtsinjewo akauone bwino. Pansi pa chikwama anaika jekete la bambo ake. Anthu a m'komboni amatero: munthu akafera kutali, chovala chake chimapita kwawo kuti abale nawonso alire.

Sekai, mphunzitsi mnzake, ndiye anamutsegula maso.

“Miyala ndaimva, shamwari. Nanga jeketelo ukapatsa ndani?”

Christine anali asanaganizirepo zimenezo. Ntcheu ndi boma lathunthu, ndipo iye sankadziwa mudzi, sankadziwa mfumu, ngakhale dzina la m'bale mmodzi. Zinamupweteka kuti ankadziwa kutalika kwa phiri la Mulanje koma osadziwa kumene kunagwera mchombo wa bambo ake.

Amene akanamuthandiza anali mmodzi yekha, a Bauleni, omwe anagwira ntchito pansi ndi a Jimu. Iwowa ndi amene anatsogolera gulu lija analibweza pageti. Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, Christine anakwera kombi ya ku Shamva atanyamula shuga ndi buledi.

Anawapeza pakhonde akusoka nsapato. Anagwada monga anaphunzitsidwira ali mwana.

“Maswera sei, sekuru?”

“Taswera, mwana wa Jimu. Lero geti ndi langa, koma lowa.”

Christine anapepesa m'Chichewa chake chotsimphina, kenaka anafotokoza za ulendo ndi jekete. A Bauleni anamvetsera osakweza mutu.

“Ine kwathu ndi ku Mozambique, mwana wanga. Mudzi wa bambo ako ankautchula, koma mutu uno unatha ndi fumbi la mgodi. Amene akanakuuza anabwera yekha pakhomo pako.”

“Ndani, sekuru?”

“Msuweni wako, mwana wa mlongo wake wa Jimu. Amayendetsa malole. Anali ku Harare ndi katundu, ndipo anthu athu a gule kumeneko ndiwo anamuuza za maliro. Anafikira kwa ine chifukwa kwanu sankakudziwa. Unamuona. Anaima pambali pangapa, wamtali, atavala shati loyera.”

Christine anamukumbukira. Munthuyo sanagwire ng'oma, anangonyamula kajumbo m'manja n'kumamuyang'anitsitsa kumaso. Atayesa kuyankhula, Christine anamukalipira kuti, “Ibvai pano! Chokani!”

“Nambala yake muli nayo?”

“Ndinamupempha. Anakana. Anati sakuona chifukwa.”

“Dzina lake?”

“Ndinkangomuti mphwanga. Anagona usiku umodzi basi.” A Bauleni anaika nsapato pansi. “Amayi ake, azakhali ako, anali moyo nthawi imeneyo, okalamba kwambiri. Anawaimbira foni ali pano. Iwo anamutuma kuti aone ngati mlongo wawo wasiya mbewu kuno, kuti asanafe amve mawu a mwanayo.”

“Ndiye anakawauza chiyani?”

Madalawo anazengereza, chifukwa sanali munthu wokonda kubaya pachilonda.

“Anati nkhalamba sangaiuze kuti magazi ake anamupitikitsa pamaliro. Anati akangowauza kuti Jimu sanasiye mwana.”

M'mawa mwake Christine anakwerabe basi, poti tikiti anali atagula kale. Analira kuchokera pa depoti ya Mbare ku Harare mpaka ku Mutoko, ndipo mayi amene anakhala naye pampando anamufunsa ngati akupita kumaliro. Iye anati inde.