Bambo Wachibwibwi ndi Denga la Sukulu

M'zaka za m'ma 1950 mphepo inasasula denga la sukulu ya mpingo wathu kufupi ndi Nambuma, mvula ili pafupi. Tinasankha akulu a mpingo awiri kuti atsogolere kufolera. Oyamba ankaima pamthunzi n'kumakuwa kuti, "Kamweteni udzu, anthu inu!" Tinkangoyang'anana, poti aliyense anali ndi nazale ya fodya yofuna madzi. Achiwiri anali bambo wachibwibwi, amene ankaopa ngakhale kupemphera pagulu. Tsiku lina iwo ananyamula chikwakwa nati, "Ti-ti-tiyeni." Tinaseka, koma tinawatsatira kudambo kumene moto sunafike. Mvula inapeza ana ali pouma. Chondikwiyitsa mpaka lero n'chakuti pepala lothokoza, limene ndikusungabe, linatchula okuwa aja okha.