Tsiku Limene Tinayanika Mfumba

Mliri wa chimfine utangodutsa, a mishoni anaganiza zomanga kachipatala kotsukirako zilonda m'mbali mwa dambo lathu. Anatuma kalaliki, mwamuna wamtali wochokera ku mapiri, kuti ayende ndi mapu mudzi ndi mudzi. Pamene apeze anthu ambiri aziikapo dontho lalikulu, ndipo kachipatalako kadzamangidwa pafupi ndi madontho akuluwo.

Ine ndinaona kuti pemphero langa layankhidwa. Mwana wathu wamkazi anali ndi chilonda pamsongolo chimene chinakana masamba onse, ndipo chipatala chinali kutali, kosatheka kupita ndi kubwerako ndi mwana kumsana. Chilondacho chinkafuna kutsukidwa tsiku ndi tsiku.

Koma ndinali mkamwini, ndipo pamudzipo mawu anali a apongozi anga aakazi. Iwo sankadziwa kuwerenga, koma ulaliki ukalowa m'khutu mwawo sunkatulukanso. Anali atamva za mfumu ija ya m'Malemba imene inawerenga anthu ake, mliri n'kugwa. Tsono analamula kuti kalaliki akafika, ana onse akabisale m'bango.

Mwambo sunkandilola kuyang'anizana nawo. Ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, iwo pakhonde, mkazi wanga pakati kunyamula mawu, ngakhale tinkamvana bwinobwino.

"Auzeni amayi," ndinatero, "kuti m'chipululu muja Mulungu mwini analamula kuti anthu awerengedwe."

"Uwauze amuna akowo," anayankha apongozi, "kuti kalalikiyu si Mulungu. Ndamuona, thukuta lili kamukamu."

"Auzeni kuti ngakhale tsitsi lathu Ambuye analiwerenga."

"Ndiye akafunse kwa Ambuyewo, chiwerengero ali nacho kale! Nkhabe, ndakana, adzukulu anga salozedwa chala ngati mbuzi. Takwirira okwanira."

Mawu otsirizawo anandiziziritsa, pakuti anali oona. Mkazi wanga, amene khosi linali litatopa ndi kucheuka, anafunsa motsitsa mawu: "Amayi, nanga mfumba? Malemba amaletsa kuwerenga mfumba?"

Kwathu kuno udzudzu sulola munthu kugona pamtetete. Aliyense ali ndi mfumba yake, thumba lolukidwa ndi mlaza, amalowamo n'kudzitsekera. Apongozi anasanthula maulaliki onse amene anasunga m'mutu. Sanapezemo mfumba.

Kalaliki atafika anapeza mudzi wopanda mwana, koma bwalo lonse litayalidwa mfumba, zazikulu ndi zazing'ono, banja lililonse mzere wake. Anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Mayi, eni ake ali kuti?"

"Mwatumidwa kudzacheza kapena kudzawerenga? Werengani izo, bambo," anatero apongozi.

Munthuyo anali ataona zambiri m'midzi ya m'chigwa, sanalimbane nazo. Anayamba kuloza ndi pensulo. Apongozi, poona kuti palibe amene wagwa, changu chinawagwira: anatulutsanso mfumba yawo yakale yodyedwa ndi chiswe, n'kuiyala kumapeto.

"Iyi ndiye mumagona ndani?"

"Alendo."

"Mabowo onsewa, udzudzu umusiyira magazi mlendo wakeyo, mayi?" anatero kalaliki, akuiponyera pambali. M'bango munamveka kuseka, iye n'kunamizira kuti ndi mbalame.

Midzi yoyandikana nafe itamva, nayonso inayanika zake m'malo mothawa, ndipo madontho a mbali yathu anakula. Kachipatala sikanamangidwe pamudzi pathu, ayi, koma pamtunda wa tsidya la khwawa, poti munthu akanyamuka m'mawa amabwerako dzuwa lisanatenthe.

Ndinkamubereka mwanayo m'mawa uliwonse. Wotsuka zilonda ankathira mankhwala ofiirira oluma, mwana n'kukuwa, ine n'kumaimba nyimbo ya Mulungu mosalongosoka kuti aseke. Madzi a mtsinje asanasefukire chaka chimenecho, mwanayo anatsika kumsana kwanga pakhwawa paja, nati ndikuchedwetsa, n'kuthamanga yekha mpaka kunyumba.