Choko cha Atate pa Makapu a Injini

M'kope langa la zinsinsi la chaka chimenecho muli tsamba lokhala ndi chidindo cha chala chakuda. Ndi oilo wa galimoto imene inakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba yathu ku Chelstone nyengo yonse yozizira. Inali ya malemu agogo, bambo awo a atate, ndipo atate analumbira kuti adzapita nayo ku Katete mu Ogasiti pokaika mwala pamanda awo.

Atate anali mphunzitsi, munthu wofatsa. Ataphwasula injini anayala zitsulo zonse panyuzipepala. Zisanu zinali zokhota ngati zigoba za mtedza, ankazitcha makapu, ndipo ntchito yake ndi kugwira chitsulo chachikulu chimene chimazungulira m'kati mwa injini. Chilichonse anachilemba nambala ndi choko cha kusukulu. "Izi zili ngati nsapato," anandiuza, "iliyonse inazolowera phazi lake."

Loweruka lina kunabwera malume a ku Kabulonga, mlongo wamkulu wa amayi, akununkhira pafyumu, makiyi akulira kuchala. Mpaka lero sindikhulupirira kuti munthu ameneyo anasinthapo tayala m'moyo wake. Atate atapita ku Kamwala kukagula mabawuti, malume anakokolola makapu onse n'kuwaponya m'beseni la petulo, ati akuthandiza kutsuka. Ndili pakhomo la kukhitchini ndinaona choko chikusungunuka, petulo n'kuyera ngati mkaka. Atawapukuta analembanso manambala monga mmene dzanja linkawatolera, akuimba mluzu. Ine ndinathamangira kuchipinda n'kulemba kuti, "Malume asokoneza manambala." Kulimba mtima kwanga kunathera pamenepo.

Atate anaimanga injiniyo malume ataima pambali, akulozaloza ndi kiyi. Atamaliza, pofuna kuizungulitsa injiniyo, anaika sipanala yaikulu, anawonjezera paipi, n'kukanikiza mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Inkangosuntha pang'ono, ikulira ngati chitseko cha dzimbiri. Anathira oilo, anadikira masiku awiri, koma ayi ndithu. Malume atabweranso, atate ananena motsitsa mawu kuti ndi bwino aiphwasulenso.

"Mulamu, injini ya nyuwani imankhala so," anatero malume akuseka. "Manja yanu ni ya choko. Tiidonse chabe!" Amayi, ali pakhonde, anati, "Mvelani alamu anu."

Galimoto ya agogo ija anaitsitsa panjerwa, anaimanga chingwe kugalimoto yonyezimira ya malume n'kuikoka mumsewu wafumbi. Matayala anakhwekhwereza, injini inatsokomola, inalira. Malume anatulutsa mutu pawindo akukuwa ngati apambana mpira. Sipanathe mphindi ziwiri, tinamva kugogoda, fungo la chitsulo chopsa linatipeza pageti, kenako zii. Malume anati galimoto zakale ndi zinyalala basi, anapukuta manja awo oyera kale, n'kufunsa ngati tiyi wapsa. Atate anawomba m'manja mwaulemu, n'kuti, "Zikomo alamu, mwayesetsa."

Ku Katete anapita pa basi. M'galimoto muja munayamba kuikira nkhuku.

Ndinalira masabata ambiri, ndikuganiza kuti ndinaipha ndine posatsegula pakamwa, kuti atate akanangodziwa akanaipulumutsa. Ndinali ndisanafike pomvetsa kuti munthu amene ankazindikira kalembedwe ka mwana aliyense m'kalasi mwake sakanalephera kuona kuti manambala aja sanali ake, komanso kuti kwathu mwamuna satsutsa mlongo wamkulu wa mkazi wake, mwini wa ana, mkaziyo ali pakhonde akumvetsera.